Lipoti la ulendo wanga wa ku Lilongwe, kwa komiti yathu ya pa doko

A Mfumu, a Tcheyamani, amayi ndi abambo anzanga,

Ndabwerako bwino ku msonkhano wa masiku atatu umene munandituma, wokamba za kusintha kwa nyengo. Ndalemba kuti amene anali pa nyanja Loweruka awerenge okha pa gulu lathu la WhatsApp. Ndiyambe ndi za ndalama, poti manong'onong'o ndawamva ndisanatsike n'komwe minibasi pa Mangochi boma. Malisiti a thiransipoti ali kwa msungichuma. Alawansi imene anatipatsa kumeneko inathera pa malo ogona ndi chakudya chamadzulo, ndipo yotsala ndinalipira mnyamata amene ankatembenuza usipa wanga pa thandala masiku amene ndinachokapo. Wofuna kuona apite akaone.

Tsiku loyamba linali la malonje ndi zolankhula za akuluakulu. Tsiku lachitatu tinkalemba mapulani pa mapepala omata kukhoma. Chimene ndabwera nacho ndinachimva tsiku lachiwiri masana, kwa mayi wina wodziwa zamalamulo, ndipo usiku wake tulo sitinabwere.

Ife timati azungu sankadziwa kuti utsi wa mafuta ndi malasha udzasokoneza mvula. Ankadziwa. M'chaka cha 1977, wasayansi wa kampani ya mafuta ya Exxon ku America anauza mabwana ake kuti utsiwu ukutenthetsa dziko, ndipo pofika 1982 kampaniyo inali ndi lipoti lakelake lonena zomwezo. M'malo mochenjeza anthu, makampani a mafuta, malasha ndi galimoto anakhazikitsa gulu lotchedwa Global Climate Coalition mu 1989, ntchito yake kubzala chikaiko ndi kunyengerera aphungu. Mu 1997, pamene mayiko ankakonzekera pangano la ku Kyoto lochepetsa utsiwu, aphungu a nyumba ya malamulo ya Senate ku America anavota 95, wotsutsa panalibe, kuti America isalowe pangano limene lingapweteke chuma chake kapena kusiya mayiko osauka osamangidwa nalo. Kwawoko makampani ndi anthu olemera amathira ndalama zankhaninkhani pa kampeni, ndipo chigamulo cha khoti lawo lalikulu cha mu 2010 chinatsekuliratu chitseko chimenecho.

Kenako anationetsa kanema. Phungu wina wachikulire, James Inhofe wa ku Oklahoma, dera lokumba mafuta, analowa m'nyumba ya malamulo mu February 2015 atanyamula m'pepala la pulasitiki chibuma cha chipale chofewa chimene anatola panja. Anachitulutsa, nachionetsa, nachiponya, kuti anthu aone kuti kunja kukuzizira ndiye dziko silikutentha. Bamboyu ndi amene anali wapampando wa komiti yoona za chilengedwe. Ena m'holomo anaseka. Ine ndinakumbukira madzi a nyanja atalowa pakhomo panga mu 2024, mathandala anayi atamira, ine ndi ana tikusamutsa matumba a chimanga usiku madzi akufika m'mawondo. Zimene anachita bamboyo n'chimodzimodzi munthu kulowa pabwalo la mfumu atanyamula chambo chimodzi n'kumati nsomba sizinachepe ku Malombe. Tonse tikudziwa chimene makoka akubweretsa masiku ano.

Sizinathere pomwepo. Donald Trump, amene amati kusintha kwa nyengo ndi bodza, anatulutsa America m'pangano la zanyengo la ku Paris pa ulamuliro wake woyamba, Joe Biden anaibwezeramo mu 2021, ndipo Trump atabwerera anasaina zotulukanso pa tsiku lomwe analumbira, pa 20 January 2025. Msonkhano waukulu wa zanyengo wa ku Dubai mu 2023 unatsogoleredwa ndi Sultan Al Jaber, mkulu wa kampani ya mafuta ya dziko lakelo, ndipo nthumwi za makampani a mafuta, gasi ndi malasha zinaposa 2,400. Fisi kumupatsa ubusa wa mbuzi. Chaka chomwecho, mu March, namondwe wa Freddy anali atapha anthu mazanamazana ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, n'kusiya anthu oposa 600,000 opanda pokhala. Africa yense utsi wake sufika magawo 4 pa 100 alionse a utsi wa dziko lapansi.

Pomaliza pa msonkhano wathu wa ku Lilongwe anagwirizana kuti gulu lililonse libzale mitengo ndi kulimbikitsa mbaula zosatha nkhuni. Ndinakweza nawo mkono, koma ndinene chilungamo, mtima wanga sunakhutire. Mitengo ndi yofunika, ndipo ife owamba nsomba tikudziwa nkhuni zimene timatentha. Koma kumva nkhani yonse ija n'kubwera ndi mbande zokha, ndikuona ngati mlandu wa mwini ng'ombe waugwetsera pa mbusa. Ndinaimirira n'kufunsa kuti nanga aphungu athu amawapatsa ndalama ndani. Anayankha kuti nthawi yatha, tiyi wazizira.

Funsoli ndabwera nalo kwa inu. Mu 2011 boma linapereka ziphaso zofufuzira mafuta pansi pa nyanja yathu yomweyi, nyanja imene paki yake ya ku Cape Maclear inalowa m'kaundula wa bungwe la UNESCO wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984. Alipo pa doko pano amene anafunsidwa maganizo? Nkhaniyi imati ikazilala n'kudzukanso. Tsiku limene idzafike m'Nyumba ya Malamulo, phungu adzakumbukira amene anamugulira mafuta a kampeni ndi nsalu za chipani, kapena adzakumbukira ife? Tinaona kale pa mapepala a pulasitiki opyapyala: boma linaletsa mu 2015, makampani anathamangira kukhoti, ndipo zaka zinapita majumbo akuyandama m'mphepete mwa nyanja. Lamulo la zipani la mu 2018 limati zipani ziulule amene akuzipatsa ndalama zikuluzikulu, komanso limaletsa kugawa zinthu pokopa mavoti. Lamulo lilipo, koma wolifunsa ndani?

Ndikudziwa kuti ena muti izi ndi ndale, komiti ya pa doko ntchito yake ndi kulanda maukonde a udzudzu ndi kutseka nyanja nthawi yoswana nsomba. Ena a inu munandiuzapo kuti madzi kukwera ndi chifuniro cha Mulungu. Sinditsutsana ndi Mulungu, koma Mulungu sanasaine chiphaso cha mafuta. Ndipo poti tafika pa kufunsa anthu akutali, tiyambe ndi pakhomo. Madzi atatilowera, tinalemba maina a mabanja okhudzidwa pansi pa mtengo uja, ine ndili pomwepo. Thandizo litabwera, maina a amayi atatu amasiye sanapezekemo, mmalo mwake munalowa anthu amene nyumba zawo zili kumtunda, kosafika madzi. Ndafunsa kawiri pa msonkhano, kawiri konse mwati tidzakambirana. Munthu amene anasintha mndandandawo ndi mmodzi mwa ife, ndipo chimene anachita n'chomwechija cha aphungu a ku America, kungoti iye anagulidwa ndi thumba la ufa. Mbande za chaka chatha nazonso zinauma pa nazale chifukwa ndandanda wothirira unangothera pa pepala, ndiye musanandifunse za mbande zatsopano tiyambe tagwirizana wothirira.

Pempho langa, a Tcheyamani, n'lakuti pa msonkhano wa mwezi uno tilembe kalata yoitana phungu wathu ndi khansala kuti abwere pa doko, atiuze pamaso pa a Mfumu maganizo awo pa zokumba mafuta m'nyanja, ndiponso amene anawathandiza ndalama pa kampeni. Kalatayo ndilemba ndine ngati mundilola. Kope la maina a thandizo lija libwerenso tsiku lomwelo, ndipo amayi atatu aja ndawauza kale kuti adzakhalepo.