Chilengezo kwa anzathu onse a kabaza pa Ngabu

Abale, patha masabata atatu tsopano mnzathu uja asanapezeke. Adanyamuka pano pa siteji dzuwa litalowa, atakweza munthu wachilendo amene ankati akupita ku Bangula. Kuchokera usiku umenewo foni yake sikupezeka.

Tafunsa ku zipatala za Chikwawa, Nchalo ndi Nsanje, kulibe. Chimene tidatola ndi chipewa chake cha njinga basi, m'mabango mphepete mwa Shire, lamba wake atadulidwa ndi mpeni. Ena akuti ndi ng'ona. Ng'ona yanji yodula lamba n'kutenganso njinga yamoto ndi makiyi omwe? Ife tikukayika kuti pali dzanja la munthu, ndipo chipewacho tidakachipereka kupolisi.

Tikumane Loweruka m'mawa pansi pa mtengo wathu uja. Aliyense abwere ndi kangachepe. Mlamu wathu watsala ndi ana, ufa m'nyumba watha.

Amene mudamuona wokwerayo, kapena mwamva za njinga yogulitsidwa motchipa chakumalire a Mozambique, uzani atcheyamani kapena apolisi. Chonde, tisagwire munthu aliyense pongomva mphekesera. Usiku tiziyenda awiriawiri.

Mlembi wanu