Lipoti la msonkhano wa maselo uja

Moni nonse, abusa, a tcheyamani ndi anzanga a yuthi. Munandituma ku msonkhano wa sayansi ndi chikhulupiriro uja, ndiye ndati ndilembe pano poti Lamulungu nthawi imatichepera.

Funso linali limodzi: kodi maselo, tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga matupi a zamoyo, amachita zinthu mwa nzeru zawozawo, kapena ndi Mulungu anawakonza kuti azitero?

Anayamba ndi mayi ena ophunzitsa biology, anationetsa vidiyo ya selo yoyera ya m'magazi ikuthamangitsa bakiteriya, akakhota nayo kukhota, mpaka kumumeza. Kenako anakamba za kanthu kachikasu konga chuku, dzina lake Physarum, kalibe ubongo ndipo konseko ndi selo imodzi, koma ku Japan mu 2000 a Toshiyuki Nakagaki ndi anzawo atakaika pa tinjira tokhotakhota chakudya chili mbali ziwiri kanasankha njira yachidule, ndiye mu 2010 anakaika pa mapu a Tokyo chakudya chili pomwe pali matauni, kanalumikiza malowo pafupifupi momwe njanji zenizeni zimayendera. Anatchulanso a Barbara McClintock omwe anapeza m'chimanga majini (tinthu ta m'selo tonyamula zotengera kwa makolo) osuntha malo, mpaka analandira mphoto ya Nobel mu 1983. Kwa mayi ophunzitsa aja selo imamva, imasankha, imakumbukira pang'ono.

Abusa ena anati ayi, zimenezo zikungosonyeza luso la Mlengi, nkuwerenga Salmo 139. Anatchula wasayansi wina, a Michael Behe, omwe amati kamchira ka bakiteriya kozungulira ngati injini sikakanabwera pang'onopang'ono poti kachidutswa kamodzi kakasowa sikagwira ntchito. Mnyamata wina wa ku koleji anawayankha mwaulemu ndithu kuti asayansi ambiri mfundoyi anaikana, ndipo mu 2005 khoti pa mlandu wa ku Dover, Pennsylvania, ku America, linagamula kuti siingaphunzitsidwe ngati sayansi.

Koma ine chomwe chinandigwira mtima ndi adokotala omwe analankhula masana. Anati kachilombo ka malungo nako ndi selo imodzi. Kuno ku Malawi kolorokwini anasiya kugwira ntchito mpaka boma linamuchotsa mu 1993 nkubweretsa Fansidar, ife tinali oyamba mu Africa muno kutero, kenako mu 2007 kunabwera LA. Ndiye anafunsa, kodi kachilombo kanakhala pansi nkuganiza mozembera mankhwala? Ayi. Tizilombo tochepa tinali tosiyana pang'ono m'majini, mankhwala anapha tinato, ito tinatsala nkuswana. Ndipo kolorokwini atasiyidwa zaka zingapo, ofufuza ku Blantyre anapeza kuti wayambanso kupha malungo. Apa ndinaona kuti chinthu chikhoza kuoneka chochenjera pomwe chilibe maganizo ngati athuwa.

Adokotala omwewo anatifunsanso ife okhulupirira, ngati chilichonse cha mu selo anachikonza ndi Mulungu chimodzichimodzi, nanga kachilombo kopha ana athuka, nanga khansa? Ena anati ndi zotsatira za uchimo, ena sanakhutire, tinapita kukadya isanathe. Abusa, funso limeneli lisatidutse chonde, ana athu a Fomu 4 akulifunsa kale.

Maganizo anga ndi oti Mulungu ndiye mwini moyo, apa sindinasunthe. Koma tisamamuike pokhapo pomwe asayansi sanafotokoze, chifukwa mawa akafotokoza ana adzaona ngati Mulungu wachepa. A Francis Collins omwe anatsogolera ntchito yowerenga majini onse a munthu ndi Mkhristu, ndipo evolution, mfundo yoti zamoyo zimasintha pang'onopang'ono m'mibadwomibadwo, amaivomereza.

Pempho langa tiitane aphunzitsi a biology adzabwere ndi maikulosikopu, ndipo abusa adzakhalepo kuti mafunso adzayankhidwe mbali zonse. Chenji cha thiransipoti ndi malisiti ndidzapereka kwa asungichuma Lamulungu tikaweruka.