Kalata ya Abusa: Tiwalandire Bwanji Obwezeretsedwa?

Okondedwa mwa Ambuye, akulu ampingo, atumiki, amayi a Chigwirizano, achinyamata ndi nonse a m'milaga yathu kuno ku Kasungu,

Mtendere wa Ambuye wathu Yesu Khristu ukhale nanu.

Sabata ya Mgonero ikubwerayi, bwalo la akulu ampingo lidzabwezeretsa abale ndi alongo athu ena omwe anali atadulidwa. Akhala akubwera kukalasi mokhulupirika, avomera kulakwa kwawo, ndipo adzakhala nafe pagome la Ambuye. Chandilembetsa kalatayi ndi zomwe zimachitika pambuyo pake. Bwalo limammasula munthu, koma pakamwa pathu sipammasula. Mtsikana amene anatenga pakati asanakwatiwe amabwerera kukwaya, anzake n'kumasendera uko pabenchi. Pamaliro amayi akamagawana zophika, dzina lake likadali "uja anadulidwa uja", chonsecho mwana wake wayamba kale sukulu.

Ku Korinto kunalinso munthu wolangidwa ndi mpingo. Pa 2 Akorinto 2:6-8 Paulo akuti chilango chija chakwanira, tsopano amkhululukire ndi kumtonthoza, kuopa kuti chisoni chingam'mize. Mwambo wa mpingo uli ndi polekezera. Wopitiriza kulanga munthu amene bwalo lamulandira akudziika pamwamba pa bwalo, komanso pamwamba pa Mwini mpingo.

Ndinenenso china chowawa, abale anga. Milandu yambiri yofika kubwalo ndi ija yooneka ndi maso. Mimba sibisika, woledzera amadzandira pamsewu anthu akuona. Nanga sikelo yopotoza ya wogula soya ndi mtedza, amene amadya makilogalamu a mayi wamasiye kenako n'kudzatsogolera pemphero Lamulungu? Nanga belo la fodya lopita ku Chinkhoma, pamwamba tsamba labwino, pakati zinyalala? Nanga tenanti amene wakhetsa thukuta chaka chonse, pomaliza n'kuuzidwa kuti chimanga ndi mchere zomwe ankapatsidwa zadya malipiro ake onse? Miyambo 11:1 ikuti muyeso wonyenga Yehova amanyansidwa nawo, ndipo Yakobo 5:4 akuti malipiro omanidwa antchito akumunda amafuula mpaka kumwamba. Ochita zimenezi sanadulidwepo, ena mwina amakhala mipando yakutsogolo. Davide nayenso anakhala bwinobwino kunyumba yachifumu, Uriya ataphedwa kale, mpaka mneneri Natani anamuloza chala. Salmo 51 linabadwa chinsinsi chitaululika.

Choncho amene adzaime kutsogolo Lamulungu lino atitsogolera njira. Achita chimene ambiri a ife tikuchizengereza.

Wina afunsa kuti kodi kulapa n'kungonena kuti pepani? Ayi. Taonani Zakeyu pa Luka 19. Analonjeza kupatsa osauka theka la chuma chake ndi kubweza kanayi kwa aliyense amene anamulanda. Koma muonetsetse chimene chinayamba. Yesu anamuitana ali mumtengo muja, nanena kuti akhala kunyumba kwake, Zakeyu asanatulutse ndi kobiri lomwe. Kubweza kuja sikunali kugula chikhululukiro. Munthu anachitiridwa chisomo, dzanja n'kufumbatuka lokha. Inu amene muli ndi ndalama za tenanti, kaziperekeni nyengo ino asanabwerere kwawo. Misozi ya m'tchalitchi siingamugulire ufa.

Petro anakana Ambuye katatu. Pa Yohane 21 Yesu sanamuike pabenchi yakumbuyo kuti ayambe amuonetsetsa kaye. Anamufunsa za chikondi, n'kumupatsa nkhosa zoti adyetse. Ndikupempha atsogoleri a kwaya, a Sande sukulu ndi a Chigwirizano kuti obwezeretsedwa muwapatse ntchito monga wina aliyense. Agalatiya 6:1 akuti wogwa timubweze mofatsa, tikudziyang'anira tokha. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Akulu a milaga, ayendereni abalewa kunyumba zawo sabata ino, ndipo mupite ndi pemphero, mafunso anathera kubwalo. Lachisanu ndi Loweruka masana ndidzakhala kutchalitchi. Aliyense amene ali ndi katundu mumtima abwere tidzapemphere limodzi, ndipo zokambidwa pamenepo sizidzatuluka pakhomo. Ngati pali wina amene munayambana naye, kamuoneni tisanafike pagome.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.