Kalata kwa mwana wanga wofuna kumanga mudzi wa aluso

Santhe, Kasungu

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira nonse muli bwino ku Lilongweko, iwe, mpongozi wanga ndi adzukulu anga. Kuno tikudzuka ndithu. Chimanga chalowa m'nkhokwe, tatsala ndi kuthothola mtedza.

Nkhani ya munda wa kutsidya kwa dambo ija yandisowetsa tulo. Ukuti utenge anzako osema ziboliboli, ojambula, oumba ndi oluka, muchoke m'tauni mudzamange mudzi wanuwanu paja pali bani yakale ya fodya ya agogo ako, ndipo mphika ukhale umodzi, thumba la ndalama limodzi, pasakhale bwana kapena wantchito. Pafoni sindinakuyankhe mokwanira chifukwa nkhani yotere siyothera m'mayunitsi. Sindikukuletsa, ndipo mtima wako wofuna kuti aluso asiye kudyeredwa masuku pamutu ndaukonda. Chimene ndikukana ndi thumba limodzilo. Ndikufuna umve chifukwa chake kuchokera kwa anthu amene anayenda njira imeneyi iwe usanabadwe.

Ndiyambe ndi Tengenenge, mudzi wa osema miyala, pakuti m'mudzi umenewu muli magazi athu. Uli ku Zimbabwe m'boma la Guruve, makilomita pafupifupi 150 kumpoto kwa Harare. Poyamba inali famu ya fodya ya mzungu wina, Tom Blomefield. Antchito ake ambiri anali obwera: Achewa ndi Ayao a kuno kwathu, ena a ku Zambia, ku Mozambique ndi ku Angola, aja tinkati machona akapita ku Halale osabwerako. Mu 1965 boma la Ian Smith linalengeza kuti ladzichotsa pansi pa Britain popanda chilolezo, mayiko n'kutseka malonda ndi Rhodesia (dzina la Zimbabwe nthawi imeneyo), fodya n'kusowa kopita. Iwe ndiwe mwana wa ku Kasungu, ukudziwa kuti fodya akavuta ku Chinkhoma woyamba kugona ndi njala ndi tenanti. Blomefield anasowa cholipira anthu ake. Wosema wina, Crispen Chakanyuka, ndiye anamuonetsa kuti phiri la pafamupo lili ndi mwala wa serpentine wosemeka bwino, ndipo mu 1966 anthu amene anadzera fodya anayamba kugwira hamala ndi tchizulo.

Mzunguyo sanatsegule sukulu. Ankapereka mwala, zida ndi chakudya, munthu n'kumusiya aseme za m'mutu mwake. Lemon Moses ndi Amali Malola anali a kuno ku Malawi. Josiah Manzi anabadwira konko koma makolo ake anali Ayao a kwathu. Fanizani Akuda anachokera ku Zambia, pamene Henry Munyaradzi ndi Bernard Matemera anali eni dera. Anthu osapita patali ndi sukulu amenewa ntchito zawo zinafika m'nyumba zoonetseramo zaluso za ku Ulaya ndi ku America. Iwe wozolowera mtengo ungakonde kuona m'mene amamalizira mwala. Akasema n'kupala ndi tupa, amausalaza ndi sandipepa wonyowa, kenako amautenthetsa pamoto, n'kuupaka phula ukadali wotentha, n'kuupukuta ndi nsanza mpaka mwala wotuwa uja ude bii ndi kunyezimira.

Koma chimene ndikufuna uone ndi kakhalidwe ka mudziwo. Wosema aliyense ali ndi bwalo lake pansi pa mitengo, pamene amaimika zosema zake pa zitsa ndi pa mitengo yozika pansi. Chosema chilichonse chili ndi dzina kapena chizindikiro cha mwini wake. Wogula amayenda bwalo ndi bwalo, akasankha, gawo lina la ndalama limatsala kwa oyendetsa malowo, lotsalalo n'kupita m'manja mwa amene anatuluka thukuta. Mabanja amakhala pomwepo, amalima chimanga chawo, ana amakula akusewera ndi zibenthu za miyala mpaka nawonso kugwira tchizulo. Mwala ndi malo oonetsera ndi za onse, koma munthu aliyense ali ndi chakechake chomugwira mwendo kuti asachoke.

Tsopano umve za mudzi wina umene unafanana kwambiri ndi maloto akowa. Khomo lopita kwa ogula a kunja masiku amenewo linali m'manja mwa Frank McEwen, mkulu wa nyumba yoonetseramo zaluso ya ku Salisbury (Harare wa lero), imene inatsegulidwa mu 1957. Poyamba ankaonetsa zosema za ku Tengenenge, koma kenako anasemphana ndi Blomefield, akuti zosema zachuluka ndipo luso likusukuluka. Mu 1969 McEwen anakhazikitsa mudzi wina, Vukutu, m'mapiri a kummawa kwa dzikolo, kutali ndi phokoso la malonda, wa osema osankhika okhaokha. Mmodzi wa iwo anali Sylvester Mubayi, amene anayambira ku Tengenenge. Ntchito yotuluka kumeneko inali yapamwamba zedi, ndipo mu 1971 McEwen anakaonetsa zosema za dzikolo ku Musée Rodin mu mzinda wa Paris. Koma amene ankadziwa ogula, amene ankalemba makalata, amene ankanena kuti ichi chipite ichi chitsale, anali iye yekha. Mu 1973 anachoka m'dzikomo, ndipo sipanapite zaka zambiri Vukutu anasanduka bwinja. Luso linalipo lonse, osemawo anali amoyo, koma njira ya kumsika inanyamuka ndi munthu mmodzi.

Tengenenge nayo inaona zakuda. Nkhondo ya ufulu itakula m'zaka za m'ma 1970, ogula anasiya kubwera, Blomefield anasamukira kutauni, osema anabalalika. Josiah Manzi ndi banja lake ndiwo anatsala. Ufulu utabwera mu 1980 anthu anabwerera, aliyense pabwalo pake, ndipo mu 1986 Matemera analandira mphoto ku New Delhi. Chitadutsa chaka cha 2000, mikangano ya malo ndi kugwa kwa chuma zinathamangitsanso alendo okaona malo, osema n'kupulumukira m'minda yawo. Mu 2007 Blomefield anasiya utsogoleri m'manja mwa wosema wina, Dominic Benhura, ndipo Blomefieldyo anamwalira mu 2020. Mudziwo ulipobe. Sindikuti ndi paradaiso ayi. Malo ndi mgodi wa mwala zinali m'dzina la mwini famu, osati la osema, ndipo ana a machona ambiri ku Zimbabwe anakhala zaka zambiri akutchedwa alendo m'dziko limene anabadwira. Zimandipweteka ndikaganiza kuti anthu a kwathu anatchukitsa malo amene sakanatha kuwatcha awo.

Azungu nawonso anayesa. Mu 1902 C. R. Ashbee anasamutsa gulu lake la amisiri, Guild of Handicraft, kuchoka ku London kupita ku kamudzi ka Chipping Campden, anthu pafupifupi 150 kuphatikiza akazi ndi ana. Anali osula siliva, akalipentala, osula zitsulo ndi osindikiza mabuku. Ankafuna mpweya wabwino, timinda, maphunziro a madzulo, masewero ndi kuimba pamodzi, ndipo zonsezi anazichitadi. Koma onse ankadya kuchokera m'thumba limodzi la kampani yawo. Masitolo a m'tauni ankagulitsa zofanana nazo motchipa, ogula anali kutali, ndipo pofika 1908 kampani inali itagwa. Pali chinthu chimodzi pankhaniyi chimene ndikufuna uchisunge. Ku London maoda akachepa, mmisiri ankapeza ganyu kwina n'kudikira nyengo yabwino, koma kumudzi kunalibe kothawira. Ambiri anabwerera kutauni. Amene anatsala ndi aja anayamba kugwira ntchito m'dzina lawolawo, monga George Hart wosula siliva, ndipo mbumba yake ikusulabe m'nyumba yomweyo mpaka lero.

Ganizira mwezi wa Febuluwale kuno, mwana wanga. Mvula ikugwa, msewu wa kudambo wasanduka matope, palibe mlendo, ufa wa m'thumba limodzi lija watsala pansi. Mnzako wina wasema mipando isanu, wina wakhala mwezi wonse pa chithunzi chimodzi chimene akuti sichinapse. Mkazi wa woyambayo adzafunsa chifukwa chimene ana ake akudyera mofanana ndi a winayo, ndipo sadzakhala wolakwa. Wachiwiriyonso sadzakhala wolakwa, pakuti luso silipsa tsiku limodzi. Chikondi chanu chidzathera pamenepo, pa nkhani ya ufa. Ndaona magulu a amayi a banki m'khonde akupasuka chifukwa cha ndalama zochepa kuposa pamenepo, anthu opemphera tchalitchi chimodzi.

Choncho bani ikhale ya nonse, muikonze denga ikhale mogwirira ntchito. Sompho, macheka, ng'anjo yootchera mbiya ndi ndalama ya galimoto yopititsa katundu ku Lilongwe zikhale za nonse, ndipo aliyense akagulitsa aziponya gawo lodziwika m'bokosi la gulu, lolembedwa m'buku limene aliyense angalitsegule. Koma bwalo, dzina ndi ndalama yotsalayo zikhale za mwini ntchito. Banja lililonse lipatsidwe ndime yake ya chimanga ndi kadimba kumunsi kuja madzi sauma. Wina akafuna kuthandiza mnzake wosowa, amuthandize ndi chake, mwa kufuna kwake. Kupatsa kotero kumamanga anthu kuposa lamulo la mphika umodzi.

Za msika ndiye usachite nazo chibwana. Magalimoto a pa M1 amangodutsa, ndipo alendo opita ku Lifupa kukaona njovu ndi ochepa poyerekeza ndi opita kunyanja. Malo ako ogulitsira pafupi ndi positi ofesi ku Old Town usawasiye. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Manambala a ogula, akaunti ya kubanki ndi tsamba la pa Facebook zisakhale m'manja mwako wekha, ngakhale ndiwe mwini ganizo. Anthu atatu azidziwe, kuti tsiku limene iwe wadwala kapena watopa nazo, anzako asasanduke a ku Vukutu. Upitenso ku Mua ukaone KuNgoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Ukakhale pansi ndi osema a kumeneko, uwafunse amene amawagula m'miyezi yopanda alendo. Matchalitchi amafuna mitanda, zitseko ndi maguwa, masukulu amafuna mipando, amayi amafuna mitondo ndi mbiya. Kusema zotere si kutsika. Ndi zimene zidzakupatse mpata wosema chija mtima wako ukufuna.

Anthu a ku Tengenenge mwala anaupeza pansi pa mapazi awo. Iwe mtengo ulibe. Mabani a fodya anadya nkhalango za kuno, ndipo mlombwa kapena mphingo wa msinkhu wosema suuonanso pafupi. Adzabwera anyamata usiku ndi matabwa a m'paki, otchipa, okongola. Usagule, ngakhale kamodzi. Mtengo uliwonse ukhale ndi chilolezo cha a zankhalango, ndipo mibawa mudzale chaka choyamba chomwecho, podziwa kuti odzaisema ndi adzukulu anga. Chimene tili nacho chochuluka ndi dongo la kudambo, ndipo alipo amayi achikulire m'mudzi muno amene amaumba mitsuko yosadontha, mwina kuposa anzako a m'tauniwo. Muwaitane monga aphunzitsi, ndipo muziwalipira. Mukadzafika ngati anthu ophunzira odzaonetsa akumudzi chitukuko, mbuzi zawo zidzadya mbande zanu ndipo palibe adzazithamangitse. Chinanso, pali anzako amene amakonda kusema nkhope za gule kuti agulitse kwa alendo. Kutauni zimatheka, koma kuno dambwe lili pafupi. Afunse kaye kwa eni ake chimene chingaonetsedwe ndi chimene sichingaonetsedwe.

Nkhani ya malo ndaisiyira kumapeto chifukwa ndi imene ingatidanitse pachibale. Munda umenewu si wanga ndekha ndipo si wako. Ndi wa mbumba, alongo ako ndi ana awo ali ndi gawo, ndipo mwini mawu ndi atsibweni ako. Akavomera iwo, tipite kwa a mfumu, kenako kwa a gulupu. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola kulembetsa malo otere, choncho chigawo chimene mupatsidwe chiyezedwe, malire adziwike. Ndiponso anzakowo asakhale ngati machona a ku Guruve, omanga pa malo opanda pepala. Mulembe poyera zaka zimene munthu angakhale, chimene adzalandire pa nyumba ndi mitengo yake akafuna kuchoka, ndi kumene mkazi ndi ana ake adzakhale iye akamwalira. Mulembetsenso gulu lanu ngati kopaletivu kuti pangano likhale ndi gulu, osati ndi iwe.

Atsibweni ako avomera kuti tidzakhale pansi Loweruka loyamba la Ogasiti. Ubwere ndi mpongozi wanga, pakuti sindinamve maganizo ake kuchokera pakamwa pake, ndipo sukulu ya ana kuno ili kutali ndi kudambo. Utengenso anzako awiri, mmodzi akhale wa banja, ndi pepala losonyeza zimene aliyense anagulitsa chaka chathachi ndi amene anagula. Ukamabwera undigulireko mankhwala aja a mwendo, kuno asowa.

Upereke moni kwa onse.

Ndine mayi ako.