Za mwana wa achimwene ndi foni yake

Mwali wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi ana ndi bambo akunyumba. Kuno ku Joni kuzizira kwayamba kale, m'mawa timachita kudzikoka popita kokwera tekisi. Ndaona bola ndilembe chifukwa nkhani iyi ndikaiyamba pa foni pakhosi pamandimanga.

Ukumukumbuka mwana wamkazi wa achimwene uja anabwera kuno kudzaphunzira za akaunti? Ali chaka chachiwiri tsopano, amakhala ku resi, hositelo ya ophunzira, m'tauni koma Loweruka amabwera kwanga ku Rosettenville kudzadya nsima. Mwana uja wadwala mwali, ndipo si malungo, anzake akusukulu ndi amene amudwalitsa pa intaneti.

Zinayamba ndi zopusa basi. Amalankhula kutsogolo kwa kalasi, wina nkumujambula vidiyo mobisa pomwe lilime linamupunthwitsa pa L ndi R, vuto lomwe tonsefe tili nalo, ndiye anadula kachidutswa kameneko nkukaponya mu gulupu ya kalasi pa WhatsApp, wina nkutenga nkhope yake kupanga sitika ndi mawu oti kwerekwere, dzina lonyozera alendo kuno, pansi pake, moti aliyense akafuna kuseka chilichonse amangoponya nkhope ya mwana wathu. Kenako pa Instagram, pa mapeji aja ophunzira amalembapo miseche osaulula dzina, panatuluka zoti Mmalawi wina wa kosi yakutiyakuti fizi amamulipirira ndi blesser, chidyamakanda wandalama. Dzina sanatchule eti, koma mu kalasi monsemo Mmalawi ndi yekhayo.

Ine ndinayamba kuona pa mbale. Mwana woti ankamaliza mitanda iwiri nkupempha usipa wina, anayamba kungotsina kawiri nkusamba m'manja. Foni amaiika chafufumimba pansi pa ntchafu, ikangonjenjemera mapewa ake amadumpha. Usiku wina anagona kwanga, ndadzuka cha m'ma 3 koloko ndikuona kuwala mkati mwa bulangete, akuwerenga makomenti omwe aja mobwereza, wawaloweza pamtima, amadziwa amene anaseka ndi amene anangoona nkukhala chete, ndipo akuti achetewo ndi amene amamupweteka kwambiri chifukwa ena ankadya nawo limodzi. Masana kugona, kukalasi osapita, tsitsi osaluka, ku layibulale komwe ankakukonda akuti aliyense wogwira foni amaona ngati akumujambula. Tsiku lina ali pamzere wa matekisi ku Bree mtima unayamba kuthamanga, mpweya kubanika, thukuta kamukamu m'chisanu muno, iye nkumati basi ndikufa. Ku kiliniki anamuyeza nkupeza mtima ulibe vuto, anati ndi nkhawa yafika pamenepo.

Bambo ake atamva pang'ono anangoti atulukemo mu gulupumo, azimitse foni, alimbe mtima anapitira sukulu. Sindikuwanena ayi, ife nthawi yathu ku boding'i akakutukwana ku dayining'i zimathera konko, ukalowa mu neti wapuma. Koma awa chitonzo amagona nacho pa pilo, ndipo gulupu yomwe akumusekayo ndi momwenso mumabwera zoti kalasi yasintha chipinda, asayinimenti ikufunika liti, mayeso ali kuti. Atulukemo alephere? Ndiye amakhalamo, kufuna taimutebulo nkudutsa kaye pa nkhope yake.

Chomwe chinamutseka pakamwa miyezi yonseyi ndi ndalama. Mlendo kuno sapeza NSFAS, ndalama ya boma yothandiza ophunzira pa fizi, imeneyo ndi ya eni dziko, fizi yonse imachoka m'thumba la achimwene, makwacha kuwasandutsa marandi, ukudziwa wekha mmene kwacha inagwera mu 2023. Kulephera kosi imodzi ndiye kulipiranso, komanso viza yake ndi ya sukulu, sukulu ikasokonekera mapepala asokonekeranso. Ndiye mwana amaona ngati kunena kuti sindili bwino nkuwalavulira makolo kumaso. Semesita yathayi wagwa makosi awiri, mwana woti ku sekondale ankatenga mphoto.

Anthu kuno saiwala za mu April 2021, mtsikana wa zaka 15 ku Limpopo amene anadzipha vidiyo yake akumenyedwa ndi mnzake kusukulu itafalikira dziko lonse. Tsiku lomwe wathuyu anandiuza kuti aunt nthawi zina ndimangofuna ndigone osadzukanso, ndinakumbuka zimenezo miyendo nkuzizira, sindinapite kuntchito mawa lake.

Bola kuno thandizo lilipo ukalidziwa. Mayunivesite akuluakulu ali ndi makansela aulere a ophunzira, ku Wits amati CCDU, ku UJ amati PsyCaD, palinso bungwe la SADAG lothandiza ovutika ndi nkhawa ndi maganizo lomwe ungaimbe foni osalipira nkulankhula ndi munthu. Wayamba kuonana ndi kansela wa kusukulu kwake sabata iliyonse, ulendo woyamba ndinachita kumuperekeza mpaka pakhomo. Anamuuza asafufute chilichonse, asunge masikirinishoti ndi madeti, chifukwa pali lamulo la 2011 la Protection from Harassment Act, umapita ku khoti la majisitireti wekha opanda loya kukapempha chiletso, ndipo khoti litha kulamula kampani ya foni kapena ya intaneti kuti iulule amene wabisala kuseri kwa akaunti. Ine ndimafuna tipite mawa lomwe, iye wakana, akuti azisonyezedwa zala kuti kwerekwere watengera anzake kukhoti. Ndamusiya kaye, masikirinishotiwo ali mu foni yanga sakuthawa. Chomwe wavomera nchoti mnzake mmodzi wa ku Zimbabwe azimutumizira za kalasi pambali, gulupu ija waiika pa chete, ndipo usiku akakhala kwanga foni imagona pa chaja kukhitchini.

Kwathuko lamulo liliponso eti, lija la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act limaletsa kuzunza munthu pa intaneti, koma angati amapita nalo kupolisi? Ndipo mwana wako uja akulowa ku MUBAS, Poly yakale ija, chaka chino ndi foni yatsopano, chaona mnzako chapita.

Tsono chomwe ndakulemberadi ndi ichi. Mayi ake ku Ndirande akuti mwana walodzedwa ndi achibale ansanje, akufuna abwerere akamupempherere kuphiri sukulu ithere pomwepo. Pemphero sindikukana, nanenso ndimagwada, koma kwa kansela asasiye. Ine akandimva amati zachizungu za ku Joni, iwe amakumvera. Chonde kawaone Lamulungu mukaweruka ku tchalitchi, uwafotokozere modekha, za blesser zija usatchule, achimwene angaphulike. Ukatero undipezerenso usipa wouma ndi thelele, upatse kondakitala wa basi ku Wenela ndikalandira ku Park Station, mwina akaona zakwathu adya. Ndalama ndikutumizira pa Mukuru Lachisanu.

Upereke moni kwa onse.

Ndine mnzako wa ku Rosettenville