Lipoti la ulendo wa ku Blantyre, ndi nkhani ya makompyuta akale ali m'sitolo mwathu aja

A Tcheyamani, a Msungichuma, mayi Mlembi ndi mamembala nonse a gulu lathu kuno ku Zomba, zikomo.

Munandituma kukaimira gulu pamsonkhano wa masiku awiri wa magulu okonza ndi kuphunzitsa makompyuta ku Blantyre, ndiye ndati nditule zomwe ndinakatola kumeneko. Malisiti a minibasi, a malo ogona ndi a chakudya ndapereka kale kwa a Msungichuma. Alawansi inathera pa Limbe pobwerera, moti ya kabaza kuchoka pa depoti kukafika ku Chinamwali ndinapisa m'thumba mwanga. Sikuti ndikudandaula ayi, ndikungofuna zilembedwe, poti ya ulendo wa chaka chatha ija mpaka lero sinabwezedwe.

Tsiku loyamba m'mawa kunali malonje ndi kuwerenga malamulo a mgwirizano wa maguluwa. Masana anatiphunzitsa kalembedwe ka malipoti opita kwa otithandiza. Mapepala ake ndabwera nawo, wofuna awerenge. Kunalinso zokambirana za mitengo yolipiritsa makasitomala, zomwe zinangothera m'phokoso.

Zomwe ndikuona kuti zinabweza ndalama ya ulendowu zinachitika cha m'ma 4 koloko, ambiri atatuluka kukasaka tiyi. Bambo wina wachikulire, yemwe anati ankakonza makompyuta m'maofesi m'zaka za m'ma 1990, anakhazika patebulo chikompyuta cha 486, pulasitiki yake itachita kufiirira ndi ukalamba. Tinatsala anthu ochepa. Anayatsa gemu ya The Secret of Monkey Island ya mu 1990 n'kutimvetsera nyimbo yake yoyambira katatu. Koyamba inatulukira pa kasipika ka m'kati mwa kompyuta, kulira ngati nkhululu ya m'munda. Kachiwiri inadzera pa Sound Blaster, khadi lotulutsa mawu lomwe limabayidwa m'kati mwa kompyuta, ndipo inayamba kumveka ngati nyimbo. Kachitatu analumikiza kabokosi kakuda ka Roland MT-32, ndiye abale, anthu a tiyi aja anabwerera ndi makapu m'manja kudzaona amene akuimba.

Gemu ndi yomweyo, nyimbo ndi yomweyo. Achikulirewo anafotokoza kuti m'magemu a nthawi imeneyo nyimbo sizinali zojambulidwa ngati za m'foni mwathumu. Malo pa disiki anali ochepa, choncho gemu inkangosunga malangizo: imba noti iyi, kwa nthawi yotere, ndi chida chakuti. Woimba weniweni ndi sound card, khadi la mawu lija. Amene munaimbapo kwaya mwamva kale: buku la nyimbo ndi limodzi, koma kwaya ya ku Sadzi ndi ya ku Matawale sizimveka mofanana.

Khadi loyamba kutchuka linali AdLib, la kampani ya ku Quebec ku Canada, lomwe linatuluka mu 1987. Linali ndi chip ya Yamaha yotchedwa YM3812, ena amati OPL2, yotha kuimba mawu 9 nthawi imodzi. Mu 1989 kampani ya Creative ya ku Singapore inatulutsa Sound Blaster, n'kuikamo chip yomweyo kuti magemu onse a AdLib azigwira, koma inaonjezera kuthekera kotulutsa mawu ojambulidwa monga kulira kwa mfuti kapena munthu akulankhula, kuphatikizapo pobaya joystick. Pofika 1992 kampani ya AdLib ija inali itagwa, ndipo chaka chomwecho kunabwera Sound Blaster 16.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsere, makamaka anyamata a Loweruka. Khadi la mtundu umenewu limafuna zinthu zitatu kuti ligwirizane ndi gemu. Pali adiresi, yomwe ili ngati nambala ya puloti, kuti gemu idziwe kokagogoda. Nthawi zambiri ndi 220. Pali IRQ, yomwe ndi odi wa khadilo kwa purosesa, kunena kuti ndamaliza zomwe munandipatsa, onjezerani. Ndiye pali DMA, kanjira kachidule kodutsira mawu kuchoka mu memory kupita ku khadi osavutitsa purosesa. Zonsezi zimalembedwa mzere umodzi m'fayilo ya AUTOEXEC.BAT, yomwe kompyuta imawerenga ikamayaka, motere: SET BLASTER=A220 I5 D1 H5 P330 T6. A ndi adiresi, I ndi IRQ, D ndi DMA ya 8-bit, H ndi DMA ya 16-bit, P ndi khomo la MIDI (potumizira malangizo a nyimbo ku zida ngati kabokosi ka Roland kaja), pamene T6 ikunena kuti khadilo ndi Sound Blaster 16. Likanakhala Sound Blaster Pro 2 tikanalemba T4, ndipo H sakanakhalapo.

Ine zaka zonsezi ndinkayesa kuti ukalemba mzere umenewu ndiye kuti walitchera khadi. Bodza. Mzerewu ndi chikwangwani chabe chouza gemu komwe khadi lili. Pa makhadi akale, chomwe chimalamula ndi majampa, timapulasitiki takuda tija tovala pa timapini. Jampa ikakhala pa 7 iwe n'kulemba I5, wanamiza gemu. Bambowo anachita dala zimenezi ife tikuona. Anazimitsa, kusuntha jampa kupita pa 7, mzere n'kuusiya pa 5, kenako anayatsa gemu ina yowomberana. Nyimbo inkaimba bwinobwino, koma mawu a mfuti anasokonekera. Chifukwa chake n'chakuti nyimbo za chip ya Yamaha zimadzera pa adiresi yakeyake, 388, ndipo sizifuna IRQ kapena DMA. Mawu ojambulidwa ndi amene amadalira ziwirizi. Ndiye anati mukamva nyimbo koma mawu enawo akuduka, akubwerezabwereza, kapena gemu ikuuma, khadi silinafe. Fufuzani IRQ ndi DMA. Anatikumbutsanso kuti ma Sound Blaster oyambirira ankabwera ali pa IRQ 7, pomwenso pali khomo la pulinta, n'chifukwa chake am'mbuyo mwake anasamukira pa 5.

Nditamva zimenezi mtima unandipweteka. Mukukumbukira Pentium ija ndinalimbana nayo ma Loweruka awiri chaka chatha? Inkachita ndendende zomwezi, nyimbo bwinobwino, mawu zii. Tinagwirizana kuti khadi lake ndi lakufa. Ine ndinapempha kuti tilisunge kaye, koma sabata yotsatira ndinapeza kuti mabodi odzadza katoni agulitsidwa kwa ogula zitsulo pa kilo, komiti osakhala pansi. Ndinafunsa pamsonkhano wa mwezi umenewo kuti analamula ndani ndipo ndalama yake inalembedwa m'buku liti. Ndinayankhidwa kuti tidzakambirana. Patha chaka tsopano. Sinditchula munthu, koma khadi lija likanangofuna kusuntha jampa imodzi.

Makhadi a m'ma 1995 kupita mtsogolo ambiri alibe majampa, ndi aja amati Plug and Play. Amenewa mu DOS, pulogalamu yoyendetsa makompyuta akalewa, amangokhala duu ngati akufa mpaka pulogalamu ina iwadzutse poyatsa kompyuta. A Creative ali ndi yawo yotchedwa CTCM, komanso pali ina yaulere yotchedwa UNISOUND yomwe imadzutsa makhadi a makampani osiyanasiyana n'kukulembera mzere wa BLASTER uja. Ndabwera nayo pa flash. Ndikukayikira kuti ena mwa makhadi omwe tinawalemba kuti "akufa" m'kaundula wathu ndi a mtundu umenewu.

China chomwe sindinkadziwa ndi cha magetsi a -5V. Makhadi ena akale, monga Sound Blaster 2.0, amafuna mphamvu imeneyi, koma ma power supply a masiku ano anaichotsa. Poyang'ana n'posavuta: pa pulagi yaikulu yopita ku bodi pakhale waya woyera. Ngati palibe, khadi lotere silimveka bwino ngakhale utatchera zonse molondola. Tsono ma power supply akale aja enanu mumati ndi zinyalala, tiyambe taona waya woyera tisanataye.

Za kabokosi ka Roland kaja sindichulutsa, chifukwa mtengo wake si wa gulu ngati lathu. MT-32 inatuluka mu 1987, ndipo gemu ya King's Quest IV ya mu 1988 ndi imodzi mwa zoyamba kuigwiritsa ntchito. Imalumikizidwa kudzera pa khomo la 330 lija. Magemu ena akale amafuna khadi lenileni la MPU-401 la Roland, lomwe limachita zambiri kuposa khomo la MIDI la pa Sound Blaster 16, ndiye pamafunika pulogalamu ya SoftMPU yotseka mpatawo. Magemu obwera pambuyo pa 1991 ambiri analembedwera zida zotsata ndondomeko ina yotchedwa General MIDI, monga Roland SC-55, ndipo ukawaimbitsa pa MT-32 zida zimasinthana, pofunika ichi kumalira china. Mnyamata wina anafuna kubayapo adaputa ya rauta, bambowo anachita kumugwira dzanja: MT-32 imafuna 9V koma pini yapakati ndi negative, mosemphana ndi maadaputa ambiri omwe timatola pamsika.

Chomwe ife tingakwanitse ndi kutsegula makompyuta athu n'kuwerenga zolembedwa pa ma chip. Tikapeza YMF262, imeneyo ndi OPL3 yeniyeni ya Yamaha, yolowa m'malo mwa OPL2 ija, ya mawu 18. Ma Sound Blaster ena am'mbuyo anaichotsa n'kuikamo yawo yotsanzira yotchedwa CQM. Atatimvetsera ziwirizi motsatizana, yotsanzirayo inkamveka yokwakwalala, ngati wailesi yomwe batire ikutha. Makhadi osatchuka okhala ndi chip ya Yamaha YMF719 kapena ESS ES1868 nawonso ndi abwino.

Tsiku lachiwiri kunali lipoti la zachuma la mgwirizano ndi chisankho cha komiti. Mayina ali pa pepala lomwe ndapereka kwa mayi Mlembi. Kenako panabwera mfundo yomwe ikutikhudza. Msonkhano unagwirizana kuti makompyuta onse akale okhala ndi mipata ya ISA, mipata yakuda italiitali ija momwe makhadi amenewa amalowa, aperekedwe kwa otolera zinyalala za zamagetsi, ndipo gulu lofuna kuphunzitsa za DOS lizigwiritsa ntchito DOSBox, pulogalamu yotsanzira kompyuta yakale pa kompyuta yatsopano. Ine ndinavota kukana. Ndikudziwa kuti simunandiuze movotera. Ndinayesa kuimbira a Tcheyamani nthawi ya nkhomaliro koma foni inangoitana. Tinagonja, ndipo mfundoyo inadutsa.

Ndisanamizire mbali inayo, mfundo zawo zinali zomveka. DOSBox ndi yaulere, yakhalapo kuyambira 2002, imayenda pa malaputopu omwe tili nawo, ndipo magetsi akathima batire imatipirira, pamene 486 ndi chimonita chake chachimimba zimazima nthawi yomweyo. Imatsanzira Sound Blaster 16 mokhutiritsa. Amene muziyesa, dziwani kuti iyo imabwera ili pa adiresi 220, IRQ 7, DMA 1 ndi 5. Mukasankha IRQ 5 mu setup ya gemu poganiza za mzere ndalemba pamwambapa, mukumana ndi vuto lomwe lija. Zabwino zonsezi sindikuzikana.

Koma ife timaphunzitsa ana kukonza, osati kusewera. Mu DOSBox mulibe jampa yoti mwana aigwire, mulibe pulinta yolimbirana IRQ ndi khadi, mulibe waya woyera woti ausake. Mwana amene wakhala ola lathunthu akufufuza chifukwa chomwe mfuti siikulira, n'kuchipeza yekha, mawa mukamupatsa laputopu ya kasitomala sathamangira kunena kuti bodi yapsa. Makompyuta atsopano amabisa zonsezi, pamene akalewa amazionetsa poyera, ndipo mwana akaononga sitilira chifukwa si a kasitomala. Enanu munena kuti Zomba yonse palibe amene adzabwere ndi 486 kuti timukonzere. N'zoona. Komatu ngakhale wophunzira utelala amayambira pa nsanza.

Mfundo ya msonkhano ikunena za makompyuta, sinatchule makhadi, ndipo ndinafunsa pamaso pa onse ngati gulu lingasunge awiri kapena atatu ophunzitsira. Wotsogolera zokambirana anati zimenezo gulu lililonse lione lokha. Choncho pempho langa n'lakuti mwa asanu ndi awiri ali m'sitolo aja tisunge awiri abwino, ndipo enawo tichotsemo makhadi, ma power supply okhala ndi waya woyera ndi memory tisanawapereke.

Izi zikufunika changu chifukwa cha sitolo yomweyo. Denga lake lakhala likudontha dzinja ziwiri, ndipo chinyezi cha pansi pa phiri pano nonse mukuchidziwa. Mabodi a 386 ndi 486 ambiri ali ndi kabatire kooneka ngati kamgolo komatiriridwa pa bodi. Kakakalamba kamatuluka madzi omwe amadya tinjira ta kopa, n'kusiya zobiriwira. Bambo aja anati tikadule msanga ndi pulayazi, pomwe padontha tipukute ndi viniga pang'ono, titsuke n'kuumitsa bwino. Ine ndikanayang'ana kale, koma kiyi wa sitolo ndi mmodzi ndipo amagona ku Mpondabwino. Nkhani yodulitsa kiyi wachiwiri inavomerezedwa kalekale, ili m'maminitsi, koma kiyiyo sindinamuonepo.

Pobalalika achikulire aja anandibwereka khadi limodzi la YMF719 lomwe likugwira, kuti tiziyesera makompyuta athu n'kusiyanitsa ngati vuto lili pa khadi kapena pa bodi. Ndinalonjeza kulibweza mwezi ukatha, ndipo ndalisunga kunyumba, osati m'sitolo. Loweruka likudzali ndidzakhala pakhomo la sitolo 8 koloko m'mawa ndi khadilo, flash ndi botolo la viniga. A Tcheyamani, chonde uzani osunga kiyi afike nthawi yake, ndipo amene anabwereka multimeter ya gulu mwezi wa Malichi abwere nayo.