Injini ya chainsaw ikhoza kuulutsa kandege, koma pulopela ikhale mbali yoyenera

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi amisiri komanso achinyamata amene amafuna kupanga tindege touluka ndi rimoti koma amagwa ulesi akamva mtengo wa injini zake. Chainsaw yotha tcheni ndi chigoba nthawi zambiri imakhala ndi injini yamoyo, ndipo injiniyo ikhoza kuulutsa kandege ka mapiko a mamita awiri. Nzeruyi si yalero. Injini ya Quadra, imene inatchuka pa tindege tikulutikulu m'zaka za m'ma 1970, inachokera ku injini za chainsaw zomwezi.

Sankhani injini ya pakati pa 30cc ndi 45cc. Ma chainsaw otchipa ndiwo abwino pa ntchitoyi, chifukwa injini yake imangomangidwa ndi mabawuti m'chigoba cha pulasitiki, ndiye imatuluka yathunthu. Okwera mtengo ali ndi crankcase (chigoba cha pansi pa injini) ya chitsulo cha magnesium yolumikizana ndi thanki ya oyilo wa tcheni. Pamafunika kucheka ndi kupala kwambiri, ndipo fumbi la magnesium limayaka moto wosazimitsika ndi madzi. Musanawononge tsiku, chotsani ekizozi n'kusuzumira pisitoni. Ikakhala ndi mizere yozama yotsika, injiniyo inawotchedwa kale, isiyeni. Gwedezaninso crankshaft (chitsulo chimene pisitoni imazunguza) m'mwamba ndi pansi. Ikamasewera, maberingi atha.

Zochotsa n'zodziwikiratu: tcheni, klatchi, pampu ya oyilo, chingwe cholizira ndi zigoba zonse. Kumbukirani kuti klatchi imamasuka mopotokolera kumanja, mosiyana ndi nati wamba. Ambiri amaimangitsa poganiza kuti akumasula.

Apa ndiye pagona nkhani. Crankshaft ili ndi mbali ziwiri, ya klatchi ndi ya flywheel (gudumu la maginito ndi zipsepse). Maso amathamangira ku mbali ya klatchi chifukwa chitsulo chake n'chachitali, koma mukaima kumeneko injini imazungulira motsata mivi ya wotchi. Pulopela wamba imafuna kuzungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi mukaiyang'ana kutsogolo kwa kandege, ndipo mbali imene imachita zimenezo ndi ya flywheel. Mukamanga pulopela wamba ku klatchi, mphepo ipita kutsogolo, kandege kazikankhidwa chobwerera. Kuitembenuza nkhope sikuthandiza, imakankhirabe komweko. Wofunitsitsa mbali ya klatchi agule pulopela ya mtundu wa pusher, yopangidwira kuzungulira mbali inayo, imene sipezeka wambawamba.

Pulopela imakhala pa hub, kachitsulo ka aluminiyamu kosemedwa pa lathe, makina osemera zitsulo mozizunguza. Ntchito iyi musachitire pa drill yapamanja, chonde. Bowo la hub lifanane ndendende ndi kusongoka kwa crankshaft, ndipo mukamanga muyeze ndi dial gauge, kachipangizo koyezera kuyepa: kuyepa kusapitirire mamilimita 0.05. Kuyepa kumene diso silikuona pa hub kumakula kunsonga ya pulopela, kandege kamanjenjemera, mabawuti amamasuka, guluu amasweka, ndipo mawaya a servo (timamota tolamulidwa ndi rimoti) amaduka kali m'mwamba. Nkhope ya hub yokhudzana ndi pulopela ikhale yokakala kuti thabwa la pulopela ligwire. Pulopelayo muiyikenso pa kamtengo kowongoka n'kuona ngati mbali ina ikulemera. Palani pang'ono yolemerayo mpaka zifanane.

Pa za moto wa pulagi pali njira ziwiri. Yotchipa ndi kusunga flywheel ndi koyilo yake. Zipsepse za flywheel zinali zokupizira mphepo m'chigoba, tsopano n'katundu chabe, ndiye zisemedwe pa lathe kuti kulemera kutsale kofanana mbali zonse. Kuzithyola ndi pulayasi n'kudziputira manjenje. Mpata wa pakati pa koyilo ndi maginito ukhale mamilimita 0.3, ngati kuchindikala kwa kakhadi ka pepala. Vuto lake, moto wa flywheel umafuna kuzunguza mwamphamvu, motero kuliza pozunguza pulopela ndi dzanja kumatopetsa. Njira inayo ndi kuchotsa flywheel yonse n'kuika kabokosi ka CDI kotulutsa moto wa pulagi, koyendera batire, kamaginito n'kukwiriridwa mu hub. Injini imapepuka kwambiri ndipo imalira msanga. Sensa yomva kamaginitoko ikhazikidwe kuti moto uzituluka madigiri 28 mpaka 30 pisitoni isanafike pamwamba penipeni. Mukapitirira pamenepo injini imatentha, imagogoda, ndipo imabweza pulopela pa zala.

Moto wa pulagi umasokoneza wailesi ya rimoti. Gwiritsani pulagi ya resistor, risiva (kolandira uthenga wa rimoti) italikirane ndi koyilo kapena CDI masentimita 30, ndipo kamtengo kochokera pa servo kupita ku kabuleta kakhale ka nayiloni, osati waya. Pakhalenso switchi yozimitsira injini ili pansi.

Chainsaw imakuwa mpaka kuzungulira ka 12,000 pa mphindi ikakhala siikucheka, koma pulopela yaikulu imagwira bwino ntchito pakati pa 7,000 ndi 8,000. Ndiye kukula kwa pulopela ndiko kumaweta injini. Ya 30cc mpaka 35cc iyambe ndi 18x8, ya 40cc mpaka 45cc iyambe ndi 20x8. Manambalawa ali mu mainchesi: yoyamba ndi kutalika kwa pulopela, yachiwiri ndi mtunda umene ingapite kutsogolo ikazungulira kamodzi. Pulopela yaing'ono imapanga phokoso lopanda chikoka, yaikulu kwambiri imalemetsa injini n'kuitenthetsa.

Kabuleta ya Walbro kapena Zama ndi dalitso, chifukwa imadzipopera yokha petulo pogwiritsa ntchito kupuma kwa crankcase, ndipo simasamala kaya kandege kagadama. Kanjira ka kupumako kasatsekeke ndi gasiketi yoika molakwika, apo ayi injini ilira masekondi ochepa n'kuzima. Masikuluwu a petulo a pa kabuleta, H (wa liwiro lalikulu) ndi L (wa liwiro lochepa), muwatseke mofatsa, kenako mutsegule kamodzi ndi theka poyambira. Konzani L kuti injini izilandira moto popanda kutsamwa, kenako H mpaka ikuwe kwambiri, mubweze pang'ono kuti petulo achulukeko. Injini yomanidwa petulo imamanidwanso oyilo, ndiye pisitoni imagwira. Makonzedwe a ku Nsanje sangagwire ku Dedza kapena ku Mzuzu, kumene mpweya ndi wopepuka chifukwa cha kukwera kwa malo, mukasamuka, konzaninso.

Oyilo wa two-stroke akhale mamililita 25 pa lita imodzi ya petulo, osati oyilo wa galimoto. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol, amene amaumitsa timalabala ta m'kabuleta injini ikakhalitsa osalira, choncho mukamaliza kuulutsa khuthulani thanki, injini ilire mpaka izime yokha. Mapaipi a silicone amafufuma mu petulo. Pezani a Tygon, ndipo kumapeto kwa paipi ya m'thanki kukhale kachitsulo kolemera kotsata petulo kulikonse wapendekera.

Popeza chokupizira chija chapita, injini izizizira ndi mphepo ya pulopela basi. Mukaivundikira, bowo lotulukira mphepo likule kawiri kapena katatu kuposa lolowera. Imangidwe pa pulayiwudi wa mamilimita 9 mpaka 12, mabawuti onse athiridwe Loctite, guluu woletsa kumasuka. Injini imeneyi imalemera kuposa zogula, ndiye mphuno ya kandege ikhale yaifupi, mabatire asunthire kumbuyo, mpaka kakhazikike mukakanyamula ndi zala pa gawo limodzi mwa magawo anayi a phiko kuchokera kutsogolo.

Kuyesa koyamba kuchitikire pa benchi yomangidwa pansi, mwavala magalasi ndi gulovu yachikopa, anthu onse ali kumbuyo kwa pulopela, makamaka ana amene amakonda kuima pambali pomwe chidutswa chimathawira. Injini idye mathanki awiri kapena atatu ili pomwepo, mukumanganso mabawuti a pulopela ikazizira chifukwa thabwa limafinyika. Musanaulutse kandege, funsani a nthambi yoona za maulendo a pandege za malamulo ake, ndipo muulutsire kutali ndi mabwalo a ndege, nyumba za udzu ndi misika.

Ndine wanu,
Mmisiri wa injini zing'onozing'ono,
Lilongwe